Galamafoni ya Azakhali

Mumsewu wonse munalibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Ali kamtsikana ankakhala pakampando m'shopu ya bambo ake n'kumawapatsira zida, ndiye anthu anangomutcha Sipanala, dzinalo n'kumukanirira ngati chingamu m'tsitsi. Bambowo atamwalira anamusiyira shopu yokonzera mawailesi ndi magalamafoni, khutu lakuthwa, komanso mbiri yoti mtsikana wa manja a girisi banja adzangolimvera kwa anzake. Mbiri imeneyi inkawadya mtima amayi ake kuposa mwini wakeyo. N'chifukwa chake pamene Mphunzitsi wina wa kusekondale anayamba kubwerabwera kushopu ndi kawailesi kopanda vuto lililonse, mayiwo anayamba kuyenda mumsewu khosi lili m'mwamba.

Chibwenzicho chinali chitakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri, ndipo tsiku linali litapanganidwa. Loweruka masana Mphunzitsi abwera kunyumba ndi abale ake kudzamuveka Sipanala mphete pamaso pa amayi ake.

Panali minga imodzi yokha. Amayi a Mphunzitsi sankafuna n'kumva komwe za mpongozi wokonza mawailesi. Tsiku limodzi lokha limene anakumana, mayiwo anayamba kuyang'ana zikhadabo za Sipanala asanayang'ane nkhope yake, ndipo atapatsana moni wa m'manja anapukuta dzanja lawo padiresi, osabisa n'komwe. Ndiye Mphunzitsi atabwera ndi galamafoni yakale itakulungidwa m'bulangete, nati ndi ya azakhali ake, okhawo amene ali kumbali yawo m'banja lonse, Sipanala anailandira ngati walandira khanda.

"Azakhali akasangalala, amayi alibenso mawu," anatero Mphunzitsi tsiku limenelo. "Amawaopa."

Sipanala anaigwira ntchitoyo milungu itatu, mtima wonse uli pomwepo.

*

Lolemba masana Mphunzitsi anabwera kudzaitenga.

"Taima kaye, usaigwire," anatero Sipanala. Anaika tambula ya madzi pathabwa la galamafoniyo. "Ukukumbuka tsiku lija mmene madziwa ankavinira ndikayatsa? Taona lero."

Anayatsa. Chitsulo chozungulira chinayamba kuyenda, koma madzi m'tambula anangoti phee.

"Ndiye matenda anali chiyani, adokotala?"

"Mota. Mota iliyonse imanjenjemera ikamazungulira, palibe chachilendo. Kungoti imayenera kukhala pa timphira titatu tofewa, kuti kunjenjemerako kuzithera pomwepo. Take tija tinali titauma gwa ngati timiyala. Ndiye mota ikanjenjemera thabwa limanjenjemera, mkono wa singano umanjenjemera, singano n'kutola zonsezo kukazitula ku sipika. Singano sisankha, imanena chilichonse chimene yamva."

"Ngati azimayi a mumsewu mwanu."

Sipanala anaseka n'kumumenya ndi kansalu kopukutira. Sanamuuze kuti timphira tatsopanoto tinachokera kuti. Bambo ake anasiya titatu tokha m'kachitini ka maswiti, ta mtundu wosapezekanso m'sitolo iliyonse, ndipo kwa zaka zinayi iye anakaniza makasitomala angapo amene anatifuna. Anasinthanso lamba, anatsuka kachitsulo kamene lambayo amayendapo, n'kudontheza kadontho kamodzi ka mafuta pakati pa mota. Pomaliza anachita zimene bambo ake ankachita pa ntchito iliyonse: anamata kapepala kokhala ndi nambala ya shopu ndi tsiku lomalizira ntchito pansi pa chitsulo chozunguliracho, posaoneka.

Anaikapo mbale ya nyimbo. Singano itatera, panalibe chija chinkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Panangomveka gitala, yoyera bwino, kenako mawu a woimba ngati waima m'shopu momwemo.

"Tsopano mvetsera," anatero Sipanala akutsitsa mawu a sipika. "Sikuluu zitatu izi zogwira mota usazigwire. Ukaona mota ikugwedera usaganize kuti ndinaiwala kumanga, ndazisiya dala. Ukazimanga, timphira tifinyika, phokoso libwerera. Ukundimva?"

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Mphunzitsi maso ali pafoni. Analemba kanthu mofulumira n'kuika foniyo m'thumba.

"Loweruka amayi ako abwera?"

"Azakhali awakoka. Iwe usadandaule, ungokonza diresi." Anamugwira manja onse awiri, akuda choncho, n'kuwapsompsona. "Manja amenewa ndi amene atipulumutse."

Sipanala anamuthandiza kuinyamula mpaka m'kagalimoto kake, n'kuikhazika pampando wakumbuyo pakati pa mapilo awiri.

*

Kunyumba kunali kutayamba kale kutentha. Amayi a Sipanala anachapa makatani amene anali oyera kale, anabwereka makapu kwa mayi a pagolosale, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ankaimitsidwa kuti amve nkhani.

"Aja ankanena kuti udzakwatiwa ndi wailesi, aja ndawasungira mpando wakutsogolo," anatero amayiwo Lachiwiri akusita nsalu ya patebulo. "Adzaone bwino, asadzati anangomva."

"Amayi, tinagwirizana kuti zikhala za pabanja."

"Msewu uno si banja? Pamaliro a bambo ako anabwera onse. Abwerenso pachisangalalo."

Sipanala anawasiya. Anakhala pakhonde n'kulembera Mphunzitsi uthenga: "Azakhali aikonda?"

Yankho linabwera patapita ola. "Kwambiri. Mpaka alira."

"Ndipatse nambala yawo ndiwapatse moni."

"Sakonda foni. Udzawaona Loweruka."

"Uwauze asaiike pafupi ndi sipika, ndiponso tebulo likhale losagwedera."

Uthenga umenewu sunayankhidwe. Lachitatu anamuimbira kawiri, foni n'kumangoitana. Madzulo kunabwera mawu atatu okha: "Ndatanganidwa ndi mayeso." Sipanala anamumvera chisoni, mpaka anadzidzudzula kuti akuvutitsa munthu wotopa. Chikondi chimamupusitsa munthu ali maso.

*

Lachinayi m'mawa foni ya kushopu inalira. Anali mawu a bambo wachikulire, olankhula mosathamanga.

"Nambala yanu ndaipeza pansi pa chitsulo chozungulira cha galamafoni yanga. Ikulira ngati njuchi. Mungabwere lero masana?"

Sipanala sanadabwe. Timapepala ta bambo ake tinali m'nyumba zambiri m'tauni monse. Analemba adiresi, anaika zida m'chikwama, n'kukwera minibasi yopita kumtunda, kumene nyumba zake zili ndi mipanda ya njerwa ndi agalu onenepa.

Anamutsegulira geti mwini nyumba, bambo wa imvi, wamfupi, wa manja aakulu okhakhala. Anati anayendetsa sitima zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero anthu amangowatcha a Sitima. Pabalaza panali zithunzi za injini pakhoma ndi shelefu yodzaza mbale za nyimbo. Pakona, pafupi ndi sipika yaikulu, panali galamafoni.

Sipanala anaima. Anaizindikira ngati mmene mayi amazindikirira mwana wake pagulu. Pakona yakumanzere panali pamene anapala yekha n'kupakapo vanishi, ndipo lamba anali yemwe uja anamuika Lachisanu lapitalo.

"Azakhali alipo?" anafunsa.

"Azakhali a ndani? Muno ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi basi, wogwira ntchito kubanki." A Sitima anamuloza mpando, koma iye sanakhale. "Imeneyi inali ya malemu mkazi wanga. Yakhala m'kabati zaka khumi chifukwa cha phokoso. Ndiye pali mnyamata wina, mphunzitsi, wakhala akufuna mwana wangayo. Ine ndinkamukana. Munthu wa choko, manja ofewa ngati buledi. Ndinamuuza poyera kuti mwamuna wosatha kugwira chitsulo ine sindimukhulupirira. Iye anati, bambo, ndipatseni galamafoni ya amayiyo, ndikonza ndi manja angawa."

Sipanala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Lolemba wabwera nayo. Akuti wavutika nayo yekha milungu itatu. Taikapo nyimbo imene mkazi wanga ankaikonda, ndipo kunena zoona, mwana wanga, ndinalira. Ndinati munthu amene wandibwezera zimenezi atenge mwana wanga. Loweruka m'mawa akudzamuveka mphete muno."

"M'mawa," anatero Sipanala, osadziwa kuti walankhula mokweza. Kwawo anati masana.

"Eya, teni koloko. Koma dzulo wabwera, akuisuntha waona mota ikugwedera. Wapempha sikuludiraiva yanga, wamangamanga, ine ndikuonerera. Kuyatsa, njuchi ija yabwerera. Akuti ndi magetsi." Mkuluyo anamuyang'ana mwachidwi. "Khutu langa ndi la sitima, wilo likalira molakwika ndimamva ngakhale ndili mtulo. Amenewa si magetsi. Ndiye ndinanyamula chitsulocho kuti ndione, n'kupeza kapepala kanu. Tsiku lolembedwapo ndi la sabata yatha."

Sipanala anatsegula chikwama chake. Anatulutsa sikuludiraiva yake, anayatsa mota, anagunditsa nsonga yake pathabwa, chogwirira n'kuchiika kukhutu monga anamuphunzitsira bambo ake. Kunjenjemera kunamulowa mpaka m'mano. Atachotsa chitsulo chozungulira anaona timphira ta bambo ake titafinyika, taphwatalala pansi pa sikuluu. Mtima unamuwawa kwambiri. Milungu itatu yonse ija ankaimba akugwira ntchito, osadziwa kuti akumangira mkazi mnzake banja. Munthu anamudyera masuku pamutu, kenako n'kupsompsona manja omwewo.

"Mwalipeza vuto?"

"Ndalipeza."

Kunja kunamveka kagalimoto kakuima, ndipo Sipanala anakadziwa ndi kaliridwe kake.

"Ameneyo ndi mkamwini," anatero a Sitima. "Ndamuitana dala kuti amisiri awiri mudziwane."

*

Analowa atatu. Patsogolo panali amayi a Mphunzitsi, atanyamula keke m'bokosi. Pambuyo pawo Mphunzitsi, ndipo pamkono pake panakolekera mtsikana wamtali, wa zikhadabo zazitali zofiira, amene Sipanala mumtima anangomutcha Dona.

Mphunzitsi ataona amene waima pafupi ndi galamafoni, kuseka kunamuthera pankhope. Amayi ake ndi amene anayamba kulankhula.

"Uyu akutani muno?"

"Mukumudziwa?" anafunsa a Sitima.

"Ayi. Kungoti ndi wa mawailesi, timamuona mumsewu."

Sipanala anadikira. Ngakhale panthawi imeneyo kamtima kena kopusa kankayembekezabe kuti Mphunzitsi achotsa mkono wa Donayo, n'kunena chilichonse, ngakhale bodza. Koma Mphunzitsi anakhosomola, anayang'ana khoma, nati, "Mwaswera bwanji, mayi?"

Moni umenewo unamupweteka kuposa zonse zimene anamva masanawo. Misozi imene inali pafupi inabwerera yokha.

"Ndaswera bwino, aphunzitsi," anayankha. Anabwezera chitsulo chozungulira, anaikapo mbale ya nyimbo, n'kutsitsa singano. Nyimbo inayamba, njuchi ija ikulirira pansi pake. "Bambo, ife pantchito yathu sitilowerera ntchito ya mnzathu mwini wake ali pomwepo. Poti anakonza ndi awa, amalize okha. Vuto lake ndi laling'ono, la sikuluu zitatu zogwira mota basi, ndipo zikufikirika cha m'mbalimu. Aphunzitsi, nayi."

Anamupatsira sikuludiraiva ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

Mphunzitsi anayandikira. Polandira ananong'ona, milomo yokha ikugwedera, "Chonde. Ndikufotokozera."

"Gwirani ntchito, anthu akudikira," anatero Sipanala mokweza.

"Awonetse, wokondedwa," anatero Dona. "Bambo amakayikira chilichonse."

Mphunzitsi anagwada pambali pa tebulo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Sipanala ankamuona akufufuza m'mutu zimene anauzidwa Lolemba, koma tsiku limenelo maso ndi makutu zinali pafoni. Chimene ankadziwa iye ndi chimene amadziwa aliyense amene sanakonzepo kanthu, choti sikuluu ikavuta ndiye kuti yamasuka. Anaika sikuludiraiva pa yoyamba n'kupotokola kumanja ndi mphamvu. Njuchi inakula mawu. Anapita pa yachiwiri. Sipika inayamba kung'ung'uza mpaka magalasi a kabati ankalira. Pa yachitatu panamveka kaphokoso kakang'ono kong'ambika, ndipo Sipanala anatsinzina.

A Sitima anadzuka, ananyamula singano pambale mosamala, m'nyumba monse n'kuti zii.

"Mwana wanga," anatero akuyang'ana Sipanala, "galamafoni iyi anakonza ndani?"

"Ndine, bambo."

"Anakuuzani kuti ndi ya ndani?"

"Ya azakhali awo. Amene akubwera nawo kwathu Loweruka masana kudzandiveka mphete."

Dona anachotsa dzanja lake pampando umene anatsamira. A Sitima anatembenukira kwa amayi a Mphunzitsi, amene anali atakumbatirabe bokosi la keke.

"Mayi, azakhali ake a mnyamatayu ndi ati? Bwanji simunatiuze kuti alipo, tiwaitane nawo?"

"Ameneyu alibe azakhali," anayankha mayiwo, kenako anazindikira kuti awonjezera moto. "Bambo, musamvere zonena za atsikana a mumsewu. Amamukakamira mwana wanga uyu. Tamuonani manja akewo."

"Ndawaona," anatero a Sitima. "Ndi okhawo muno amene akufanana ndi anga. Mnyamata iwe, mapanga awiri avumbwitsa. Dzuka pamenepo."

Sipanala anatenga sikuludiraiva yake m'manja mwa Mphunzitsi osamuyang'ana. Akanatha kungonyamuka, koma mkuluyo sanamulakwire, ndipo galamafoni inali ya malemu. Anamasula sikuluu zonse zitatu, n'kubweza iliyonse mpaka itangokhudza kamphira, osapitirira. Atayatsa, phokoso linali litachepa kwambiri, koma silinathe.

"Kamphira kamodzi kang'ambika," anatero. "Tinali ta bambo anga, ndipo tina totero kulibenso. Muichotse pafupi ndi sipika, muiike pathabwa lolemera, zithandizako. Tsalani bwino, bambo."

*

Asanafike pageti anamva nsapato zikugogoda kumbuyo kwake.

"Taimani, asisi."

Anali Dona. Maso ake anali ofiira, koma mutu anauimika.

"Mwasangalala? Mwawapweteka bambo anga m'nyumba mwawo."

"Ine ndinaitanidwa kudzakonza galamafoni."

"Ndinkakudziwani kale. Anandiuza kuti pali wa mawailesi wina amene samva kukanidwa." Dona anasendera pafupi. "Za mphete yanuyo sanandiuze, zimenezo tikambirana awiri. Koma musadzivute n'kuyembekezera kuti bambo akamuthamangitsa abwera kwa inu. Ife tinasainirana kale ku ofesi ya boma, amayi ake anali mboni. Za Lowerukazi n'zongofuna kuwasangalatsa bambo."

"Liti?"

"Milungu itatu yapitayo, Lachisanu m'mawa. Ameneyo ndi mwamuna wanga, asisi. Pepala lili m'chikwama mwanga ngati mukufuna kuliona."

Sipanala sanafune kuliona. Lachisanu limenelo ankalikumbuka bwino. Ndi tsiku limene Mphunzitsi anafika kushopu masana ndi galamafoni m'bulangete, atavala suti, nati kusukulu kunali alendo. Iye anamuyamikira kuti watchena, mpaka anasamba m'manja kawiri kuti amuwongolere tayi.

"Mwamuna wanuyo musungeni," anatero. Anatsegula geti yekha n'kutuluka.

*

Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo njira yonse Sipanala ankangoganiza za amayi ake. Awauza bwanji? Anaganiza zoyamba wawakhazika pansi, awapatse madzi, awagwire dzanja. Ankadziwa kuti alira, mwina kuposa iye, ndipo anakonzeka kuti alirire limodzi. Foni yake inalira kasanu m'chikwama, osaiyankha.

Atakhota kulowa mumsewu wa kwawo dzuwa likupendeka, anaona kagalimoto kaja kataima pakhomo pawo. Mayi a pagolosale anamukwezera dzanja akumwetulira. "Akamwini afika kale, thamanga."

Pabalaza, Mphunzitsi anali atakhala pampando wa malemu bambo ake, maso otupa, kapu ya tiyi ili patsogolo pake. Amayi anakhala moyang'anana naye, manja ali pamiyendo.

"Waima bwanji pakhomo ngati mlendo?" anatero amayi. "Lowa."

"Amayi, tamufunseni mlendo wanuyu kuti akazi awo awasiya ali bwanji."

Ankayembekeza kuti adzidzimuka. Amayi sanadzidzimuke. Anayang'ana pawindo, kumene makatani ochapa aja ankagwedezeka, n'kutsitsa mawu.

"Tseka chitseko, anthu angamve."

"Mukudziwa?"

"Wandiuza zonse. Wagwada pansi apa, walira ngati mwana. Akuti za kubomazo anamukakamiza ndi amayi ake, ndi pepala chabe, alithetsa. Mtima wake uli pa iwe."

"Ndi zoona," anatero Mphunzitsi akudzuka. "Ndinasowa pogwira. Amayi anati akapanda kuona ukwati umenewo ndisawatchulenso mayi. Ndimafuna ndidutse kaye Loweruka, kenako ndikonze zonse bwinobwino. Iwe ukundidziwa."

"Inu musanditchule iwe," anatero Sipanala. "Ndipo mawu oti kukonza muwasiye, si anu." Anatembenukira kwa amayi ake. "Ndiye mwamva zonsezo, n'kumuphikira tiyi?"

"Mwana wanga, tamvera." Amayi anayamba kupotokola m'mphepete mwa nsalu ya patebulo. "Ndaitana anthu makumi atatu. Abale a bambo ako akunyamuka mawa. Zaka zonsezi andiseka mumsewu muno, ndapirira, lero ndikawauze kuti chiyani? Loweruka abwere, akuveke mphete, anthu aone, adye, azipita. Zinazo tidzakambirana patokha, chitseko chili chotseka. Amuna onse ali ndi pokhota, bambo akonso sanali mngelo."

"Mphete yake iti, amayi? Ya m'mawa kapena ya masana?"

"Usandiyankhe choncho pamaso pa mlendo."

"Mwamuna wa mwini, amayi. Mukufuna ndivale mphete ya mwamuna wa mwini kuti mayi a pagolosale asakusekeni?"

Polankhula, amayi sanamuyang'ane.

"Ukakana, upite wekha khomo ndi khomo ukawauze. Ine mumsewu muno sindidzatulukanso, ndipo udziwe kuti wandiika m'manda ndili moyo."

Sipanala anaima pomwepo, chikwama cha zida chikadali paphewa. Za Mphunzitsi anali atalira kale mumtima m'minibasi monse. Izi zinali zina, ndipo analibe pozikonzekera, chifukwa munthu amene ankathamangira kuti akamulirire pachifuwa ndi amene anali atakhala mbali inayo ya tebulo. Anadikira kuti amayi akweze maso, amuone nkhope, abweze mawu.

Amayi anakweza maso, koma anayang'ana kwina. Anakankhira mbale ya shuga kufupi ndi kapu ya mlendo.

"Shuga wakwana, akamwini?"